Kalata yotseguka yochokera ku Zomba: galimoto ya write-off isamagulitsidwe mobisa mbiri yake

Kwa Mkulu wa Directorate of Road Traffic and Safety Services. Kwa Gavanala wa Reserve Bank of Malawi, amene mwalamulo ndinunso woyang'anira makampani a inshuwalansi. Kwa atsogoleri a Insurance Association of Malawi. Komanso kwa akuluakulu a Competition and Fair Trading Commission.

Mabwana,

Ndine makaniko wa kuno ku Zomba, ndipo mbali ina ya ntchito yanga ndi kuperekeza anthu amene akufuna kugula galimoto yoti inagwirapo kale ntchito, kuti ndikawaonere ngati ili bwino asanatulutse ndalama zawo. Ndalemba kalatayi pofuna kupempha chinthu chimene chili m'manja mwanu nonse pamodzi: galimoto iliyonse imene kampani ya inshuwalansi yagamula kuti ndi write-off, kutanthauza kuti kuikonza kungadye ndalama zoyandikira kapena zoposa mtengo wake, ilembedwe potsatira nambala yake ya chasisi, chizindikiro chake chizioneka pa blue book, ndipo munthu aliyense azitha kufunsa za nambalayo asanagule. Sindikupempha kuti magalimoto oterewa achotsedwe onse pamsewu, chifukwa ambiri mwa iwo amakonzeka bwinobwino ndipo amathandiza mabanja amene sangakwanitse kuitanitsa galimoto kunja. Chimene chikundipweteka n'chakuti wogula womaliza, amene ndalama zake ndi moyo wake zili pachiswe, ndi yekhayo amene sauzidwa zimene galimotoyo inadutsamo.

Inu mukudziwa bwino mmene nkhanizi zimayendera, koma ndilongosole chifukwa cha ena amene awerenge nawo kalatayi. Galimoto imene ili pa inshuwalansi ya comprehensive, yomwe imalipiranso kuwonongeka kwa galimoto ya mwini wakeyo, ikachita ngozi, kampani imatumiza katswiri wake, amene timamutcha asesa, kuti akawerengere ndalama zimene zingalowe poikonza. Akaona kuti mtengo wokonzera wayandikira kapena wapitirira mtengo wa galimotoyo pamsika, kampani imasankha kulipira mwini wake, n'kutenga chigoba chija kukhala chake. Zigobazo, zimene amazitcha salvage, amazigulitsa pa tenda kapena pa okushoni, ndipo wogula amauzidwa kuti akutenga katunduyo mmene alili, pamalo pamene alipo. Mpaka pamenepa palibe chinyengo chilichonse, pakuti aliyense amene akupikisana nawo pa tendayo akuona ndi maso ake kuti boneti yapindika, magalasi aphwanyika, kapena denga laphwatalala.

Chofunika kuchimvetsa n'chakuti chigamulo cha write-off ndi cha ndalama, ndipo pachokha sichinena kukula kwa chilonda. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya masipeya inakwera kwambiri, pomwe kusowa kwa ndalama zakunja kunachititsa kuti ena asamapezeke n'komwe. Tiyerekeze galimoto imene inalembedwa pa inshuwalansi pa mtengo wa K8 miliyoni, kenaka yagundidwa kutsogolo n'kuphwanya nyali zonse ziwiri, bampala, radiyeta, boneti ndi galasi. Asesa akawonkhetsa masipeya atsopano ndi ntchito yake, akhoza kufika pafupi ndi K8 miliyoni yomweyo, n'kugamula kuti ndi write-off ngakhale chasisi sichinakhudzidwe. Galimoto yotereyi munthu waluso akhoza kuibwezeretsa ndi masipeya a kaunjika, ikayenda zaka zambiri popanda vuto. Koma pabwalo lomwelo la salvage pamakhalanso ina imene inagubuduzika, mizati yake n'kupindika, ndi inanso imene inamira m'madzi mpaka pa chiwongolero. Zonsezi zimatuluka pachipata ndi dzina limodzi, ndipo zikapakidwa penti zimafanana.

Vuto limayambira pamene chigoba chatuluka pachipatapo. Asesa akudziwa chimene chinawonongeka ndipo ali ndi zithunzi zake. Kampani ili ndi failo yonse, kuphatikizapo lipoti la apolisi. Wogula pa tenda akudziwa, wa bulekidauni amene anakoka akudziwa, wowongola ndi wopenta akudziwa, ngakhale dobadoba amene amatsatsa galimotoyo pa Facebook ndi pa WhatsApp nthawi zambiri akudziwa. Ikafika kwa mphunzitsi wa ku Domasi, namwino wa ku Matawale kapena msilikali wopuma ntchito amene walandira ndalama zake za penshoni, mbiri yonse yafufutika, ndipo chotsala ndi mawu akuti galimotoyi ankayendetsa ndi mayi wina wa ku ofesi, sinagundepo ngakhale nkhuku. Wogulayo amaonetsedwa blue book, COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) ndi pepala la inshuwalansi. Zonsezo zikhoza kukhala zenizeni, koma palibe ndi chimodzi chomwe chimene chimamuuza kuti chaka chatha galimotoyo inatuluka m'ngalande matayala ali m'mwamba.

Mayi wina, mphunzitsi wa ku pulayimale, anabwera ku galaja kwanga ndi Sienta imene anagula ndi ngongole ya ku SACCO kuti mwana wake aziyendetsa ngati takisi pakati pa Zomba ndi Liwonde. Dandaulo lawo linali laling'ono: matayala akutsogolo akutha mbali imodzi msangamsanga, ndipo chitseko chotsetsereka chakumanzere chikuvuta kutseka. Kunja galimotoyo inali yonyezimira. Nditakanda labala la m'mphepete mwa chitseko, ndinapeza kuti timadontho tozungulira timene makina a kufakitale amasiya powotcherera kunalibe, m'malo mwake munali mzere wokhuthala wa wotcherera wa pamanja, wopakidwa fila, phala lija lobisira zilonda za chitsulo asanapake penti. Maginito amene ndimayenda nawo ankakana kumata pa mzati wapakati, kusonyeza kuti pansi pa pentiyo panali fila wochindikala. Titachotsa mipando n'kutukula kapeti, tinaona mzere wina wodutsa pansi ponse kuchokera kumanja kufika kumanzere: mutu unali wa galimoto ina, thupi lakumbuyo la inanso. Pa chiwongolero, pamene pamayenera kukhala airbag, chikwama chija chimene chimafufuma pa ngozi kuti chiteteze dalaivala, panali chivundikiro chokha chomatidwa ndi guluu, m'kati muli siponji, ndipo kuseri kwa mawaya anaikako kachipangizo konamiza kompyuta kuti nyali yochenjeza isamayake. Mayiwo anakhala pansi pa benchi, n'kungofunsa kuti nanga ngongoleyi aibweza bwanji. Wogulitsa anali atasintha kale nambala ya foni. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, koma wodya mkuyu amatha kuung'amba n'kuona. Wogula galimoto sangauze mwini wake kuti achotse mipando pamsika.

Ndikufuna ndikhazikikepo pa nkhani ya chitsulo, chifukwa anthu ambiri, ngakhale anzanga ena a ntchito yomweyi, amaganiza kuti chitsulo chikawongoka ndiye kuti chachira. Galimoto zing'onozing'ono zambiri za masiku ano zilibe chasisi chapadera ngati cha lole. Thupi lonse ndilo chasisi. Anazipanga mwadala kuti kutsogolo ndi kumbuyo kuzikhwinyata pa ngozi n'kumeza mphamvu ya kugundako, pomwe chipinda chokhalamo anthu chizikhala cholimba, chosagonja. Mizati ndi zitsulo za pansi pa zitseko amazipanga ndi chitsulo cholimba mwapadera, chimene chimataya mphamvu yake chikatenthedwa ndi moto wa gasi. Tsono m'magalaja ambiri a pansi pa mtengo, njira yowongolera ndi yomweyo: kutenthetsa chitsulo mpaka chifiire, kumanga tcheni ku mtengo wa mango, n'kubweza galimoto chammbuyo mpaka diso litakhutira. Chitsulo chotero chimaoneka chowongoka, koma pa ngozi yachiwiri chimapindika pamalo pomwe paja kapena kuthyoka kumene, ndipo injini imalowa m'miyendo ya anthu. Airbag imagwira ntchito kamodzi kokha. Malamba ambiri ali ndi kachipangizo kamene kamawakoka mwamphamvu pa nthawi ya ngozi, ndipo nakonso kakaphulika kamodzi kamafunika kusinthidwa. Zinthu zimenezi ndi zodula, sizioneka ndi maso, ndipo wokonza amene akufuna phindu lamsanga amayamba kuzidumpha zimenezi.

Za madzi nazo sitingazinyalanyaze kuno kummwera. Namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 anamiza ndi kukokolola katundu wambiri, magalimoto ali momwemo. Galimoto yomira imatha kulira bwinobwino ikaumitsidwa, koma matope amatsalira m'mapulagi a mawaya, m'kompyuta ndi pansi pa kapeti, dzimbiri n'kumadya pang'onopang'ono. Patapita miyezi, mabuleki a ABS amayamba kuzimazima, giya imasintha yokha, ndipo kwa galimoto za hybrid monga Aqua ndi Fit, batire lalikulu limafa, lomwe mtengo wake ndi wokwanira kugwetsa banja.

Wina anganene kuti wogula achenjere yekha, popeza ndalama ndi zake. Mawu amenewo akanamveka galimotozi zikanamanyamula eni ake okha. Kuno ku Zomba, masiyenta ndiwo akunyamula anthu kupita ku Jali, ku Thondwe, ku Namadzi, ku Songani ndi ku Malosa, ndipo ngakhale mipando yake ndi ya anthu asanu ndi awiri, tonse tikudziwa kuti amadzaza koposa pamenepo. Mayi amene wakwera ndi dengu la tomato pa Chinamwali sanasainirane chilichonse ndi wogulitsa galimoto. Wophunzira wa ku University of Malawi amene akupita kwawo patchuthi sadziwa kuti mpando umene wakhalapo uli pamwamba pa mzere wa wotcherera. Msewu wa M3 ndi wothamanga, wodzaza malole, njinga za kabaza ndi anthu oyenda pansi, ndipo wotsika kuchokera ku Ku Chawe ndi wokhotakhota mwakuti galimoto ya chasisi chokhota kapena mabuleki okayikitsa ilibe mpata wolakwitsa. Ovulala akafika ku Zomba Central Hospital, lipoti limalemba za liwiro, tayala lophulika kapena dalaivala wosasamala. Funso lakuti n'chifukwa chiyani thupi la galimoto linagawanika pakati silifunsidwa kawirikawiri.

Bwana Mkulu wa za pamsewu, kuyeza kwa COF kuli ndi ntchito yake ndipo sindikukunyoza. Kumaona mabuleki, nyali, matayala, chiwongolero ndi zina zooneka tsiku limenelo. Koma galimoto yolumikiza mitu iwiri ikhoza kukhala ndi mabuleki abwino ndi nyali zowala, n'kupambana mayeso onse. Imene inagamulidwa kuti ndi write-off chifukwa cha kuwonongeka kwa thupi ikufunika mayeso ena apadera isanabwerere pamsewu: kuyeza chasisi ndi miyeso ya kufakitale, kuona mmene anawotcherera, kulumikiza makina ofufuzira ku kompyuta ya airbag, ndi kuonetsa malisiti a masipeya akuluakulu amene anaikidwamo. Kudzera mu MalTIS, kaundula wa pa kompyuta wa nthambi yanu, galimoto iliyonse yolembetsedwa ili ndi mbiri yake mu kompyuta, yomangiriridwa ku nambala ya chasisi ndi kwa mwini wake. Maziko alipo kale. Chotsala ndi chakuti chigamulo cha kampani ya inshuwalansi chizifika m'menemo mwalamulo, chizisindikizidwa pa blue book yatsopano, ndipo chisamafufutike ngakhale galimotoyo isinthe eni kakhumi kapena ipatsidwe nambala ina ya pa pleti. Pokonza zimenezi mukumbukire kuti magalimoto ambiri ochokera ku Japan alibe VIN, nambala yozindikiritsa galimoto ya zilembo 17, ngati ya ku Ulaya. Ali ndi nambala yaifupi ya chasisi, ndipo njira yofufuzira iyenera kulandira mitundu yonse iwiri.

Maiko ena amene timagulako magalimoto anayamba kale kuchita zimenezi, ndipo palibe chifukwa choyambira pachabe. Ku United Kingdom, kuyambira mu Okutobala 2017, write-off imagawidwa panayi: A ndi yoti iphwanyidwe yonse, B ndi yoti achotseko masipeya koma thupi lake lisabwererenso pamsewu, S ndi imene thupi lake linawonongeka koma ingakonzedwe, ndipo N ndi imene thupi silinakhudzidwe. Ku South Africa ali ndi ma code: 2 ndi galimoto yogwirapo ntchito wamba, 3 ndi yomangidwanso, 3A ndi ya masipeya okha, 4 ndi yoti inatheratu. Phunziro la kumeneko ndi lofunika kwa ife, chifukwa okonza magalimoto akhala akudandaula kuti ambiri amene makampani anawagamula kuti ndi write-off amagulitsidwabe ali pa code 2, wogula osadziwa kanthu. Ngati kugawa kwathu kudzasiyidwa m'manja mwa wogulitsa yekha, tidzagwa m'dzenje lomwelo. Ku Japan nako, pepala la pa okushoni limaika chilembo R pa galimoto imene inakonzedwapo itachita ngozi, koma pepala limenelo kawirikawiri limathera m'manja mwa woitanitsa, osafika kwa wogula wa ku Mpondabwino. Galimoto ikamalowa pa Songwe, pa Mwanza kapena pa Dedza, mbiri imene yabwera nayo iyenera kulowa nayo limodzi m'kaundula wathu, ndipo apa mufunika kugwirana manja ndi a Malawi Revenue Authority.

Bwana Gavanala, mphamvu yolamula makampani a inshuwalansi ili kwa inu. Lamulo lochokera ku ofesi yanu likhoza kunena kuti kampani isalipire ndi kutseka failo ya write-off, kapena kugulitsa salvage, isanatumize nambala ya chasisi ndi gulu la kuwonongeka kwake ku nthambi ya za pamsewu. Likhozanso kunena kuti chigoba cha gulu losakonzeka chizigulitsidwa popanda blue book, ndipo nambala yake itsekedwe kotheratu. Mfundo iyi ili ndi phindu lina limene apolisi angalivomereze: mapepala a chigoba chotheratu ndi katundu wamtengo wapatali kwa akuba magalimoto, chifukwa amadula nambala ya chasisi pa chigobacho n'kuiwotcherera pa galimoto yobedwa ya mtundu womwewo, ikatero yapeza dzina latsopano. Mukaona munthu akulipira ndalama zambiri pa chigoba chopsa chimene mulibe sipeya ngakhale imodzi yogwira ntchito, dziwani kuti chimene akugula ndi pepala.

Kwa inu a makampani a inshuwalansi, ndikudziwa chimene chingakudetseni nkhawa. Chizindikiro chikaikidwa pa blue book, mtengo wa salvage udzatsika, chifukwa wogula pa tenda adzadziwa kuti sangadzaigulitsenso pa mtengo wa galimoto yosagundapo. Zimenezo n'zoona, ndipo ndalama imene idzatayike pamenepo ndi yomwe panopa ikuchokera m'thumba la wogula wonamizidwa. Komanso ganizirani kuti galimoto yomweyo imabwereranso kwa inu kapena kwa kampani inzanu kudzalembetsa comprehensive pa mtengo wathunthu, n'kudzachitanso ngozi, mukalipiranso kachiwiri, kuwonjezapo chipepeso cha anthu ovulala amene akanapulumuka thupi la galimoto likanakhala lolimba. Ndipo mukadzazindikira mbiri yake pa nthawi yolipira n'kuchepetsa ndalama, amene amalangika ndi wogula uja amene sanabise kanthu, popeza naye sanauzidwe. Kaundula mmodzi wa makampani onse, wotsegukira anthu, akutetezani inu nomwe.

Anzanga owongola magalimoto ena adzandikwiyira chifukwa cha kalatayi, poganiza kuti ndikuwathira mchenga m'chakudya. Amene amagwira ntchito yoona sadzataya kanthu. Munthu amene wagula salvage, waikonza bwino, wasunga zithunzi ndi malisiti, ndipo yapambana mayeso apadera, adzakhala ndi pepala loonetsa wogula, n'kugulitsa pa mtengo woyenera popanda kuzemba mafoni. Alipo ogula ambiri amene angasankhe galimoto yotero mwadala chifukwa ndi yotsika mtengo, bola auzidwe. Lero wokonza wachilungamo amapikisana ndi wa siponji ndi guluu pa msika umodzi, ndipo wa siponjiyo ndi amene amapindula kwambiri chifukwa walowetsa zochepa.

Kwa a Competition and Fair Trading Commission, malamulo oteteza ogula, kuyambira Consumer Protection Act ya 2003, amaletsa kale kunamiza wogula za katundu. Chovuta ndi umboni. Mphunzitsi uja, ngakhale atampeza wogulitsa, angatsimikize bwanji kuti munthuyo ankadziwa? Pempho langa ndi lakuti aliyense wochita malonda a magalimoto, kaya ali ndi bwalo kaya amatsatsa pa foni, azikakamizidwa kulemba pa pepala la mgwirizano ngati galimoto inakhalapo write-off ndi gulu lake, ndipo wobisa azibweza ndalama zonse. Fomu yosinthira umwini ikhale ndi malo amene wogula akusainira kuti waona chizindikirocho, olembedwa m'Chichewa ndi m'Chitumbuka kuwonjezera pa Chingerezi.

Njira yofunsira iyenera kukhala yoti munthu wa foni ya mabatani aikwanitse ali chiimire pambali pa galimotoyo. Anthu anazolowera kale kutumiza ndalama ndi kugula magetsi podina manambala pa foni. Momwemonso azitha kulemba nambala ya chasisi n'kulandira uthenga wonena ngati galimotoyo inagamulidwapo, chaka chake ndi gulu lake. Dzina la mwini wakale ndi ndalama zimene analipidwa zisatuluke, popeza wogula sakuzifuna. Ngati pakhale kolipira, kakhale kochepa, chifukwa mtengo ukakwera kapena njira ikafuna kuti munthu akaime pamzere ku ofesi, madobadoba adzalowapo n'kuyamba kugulitsa mayankho abodza.

Kusintha malamulo ndi makina kumatenga nthawi, koma pali chimene a Insurance Association of Malawi mungayambe mwezi uno popanda kudikira Nyumba ya Malamulo. Kampani iliyonse ikamalengeza tenda ya salvage, iziika nambala ya chasisi pambali pa nambala ya pa pleti, ndipo bungwe lanu lizisonkhanitsa mindandanda yonseyo pamalo amodzi pa intaneti, kuyambira ya zaka zapitazi imene ikadali m'mafailo, makamaka ya miyezi yotsatira Freddy. Ife amakaniko amene timaperekeza ogula tidzaigwiritsa ntchito tsiku lomwelo.

Ine wanu,
Makaniko wa ku Zomba